Botolo Lomwe Tinampemphera Condy

Inishroan, 14 Seputembala 1958

Sabha mwana wanga,

Ndine mayi ako. Dzanja ndi la Fanny Bonner ngati kale, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti akachotsapo ena ndidzamva ndithu tsiku udzabwere. Kaya wadzuka bwanji ku Glasgow kumeneko? Ife kuno pachilumba tilipo. Ng'ombe ilipo, mbatata takumba, udzu tinaututa mvula isanauwoletse. Amene sali bwino ndi mlongo wako Condy.

Chibwerereni koboola mapiri ku Sikotilandi kuja, mpweya wake ukungocheperachepera. Chaka chatha ankafika kuchitsime. Pano akafika pa mpanda wamiyala wa pakhomopa amaugwira ndi manja awiri n'kumayang'ana kunyanja ngati pali chomwe akuona, koma ine ndimadziwa kuti akusaka mpweya. Ukamufunsa amaseka. Akuti, "Amayi, musadandaule, ndinaba phiri la Asikoti n'kulibisa m'chifuwa. Akadzazindikira adzabwera kudzalitenga okha." Ine sindiseka. Masana thupi limatentha, ndipo kansalu kake ndimakachapira kuseri kwa khola kuti anthu asaone zomwe zili pamenepo.

Ndere za m'nyanja ndikumuphikira mu mkaka tsiku ndi tsiku, zija ndinayanika pa udzu mpaka zinayera. Zimamufewetsa pakhosi, koma pansi sizifika.

Anamwino anabwera. Akuti fumbi la miyala palibe angalichotse, koma pamwamba pa fumbilo pakhala chifuwa chachikulu, ndipo chimenecho chili ndi jakisoni wake kuchipatala cha kutsidya. Akuti awoloke nyanja isanatseke njira. Ine chipatala chimenecho ndikuchidziwa. Atate ako analowamo akuyenda okha, anatibwezera bokosi.

Ndiye tamvera. Pa Pasaka unalemba kuti kumene umatsuka mabotoloko kuli a dokotala amene amafinya muzu wotsekemera uja ana amatafuna, n'kumapatsa makoswe opuma fumbi, ndipo kutupa kwa m'mapapo mwawo kumaphwa. Fanny wandiwerengeranso dzulo, sindinalote. Munthu ameneyo ali ndi mankhwala a Condy. Upite ukapemphe, koma mwa dongosolo lake, monga tinkachitira kwa malemu Manus Rua, msodzi uja ankachiza zotupa. Wodwala sadzipemphera yekha. Ukaime, usakakhale pansi. Ukatchule dzina la Condy ndi langa. Usakatulutse kanthu m'thumba, ndipo pochoka usakathokoze ngakhale pakamwa payabwe, chifukwa zikomo amasukulutsa mankhwala. Munthu amene Mulungu anampatsa mankhwala sakana akapemphedwa bwino.

Undiyankhe msanga. Mulungu ndi Maria akusunge.

Mayi ako,
Nabla


Glasgow, 22 Seputembala 1958

Amayi,

Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga ndili chiimire pamasitepe. Ine ndili bwino. Moni kwa achimwene, moni kwa a Fanny.

Amayi, za makoswe zija ndinangolemba kuti mumveko zomwe ndimaona kuntchito. A Dokotala Lennox si Manus Rua. Iwo sachiza anthu, wodwala sanalowepo m'chipinda mwawo. Amagaya mwala, makoswe n'kupuma fumbilo, kenako ena amawabaya madzi a muzuwo, ena ayi. Pakapita nthawi amawang'amba n'kuona mapapo. N'zoona, ena mwa obayidwawo kutupa kumakhala kochepa. Koma fumbi limakhala lili momwemo, ndipo ena amafabe. Amene ndimawatola m'chidebe ndine. Eni akewo amanena kuti sakudziwa ngati thupi la munthu lingapirire, akuti muzuwo ukachuluka umatupitsa miyendo ndi kuthamangitsa magazi.

Chonde mverani anamwino. Jakisoni wa chifuwa chachikulu ndi weniweni, nthawi ya atate kunalibe. Kuno ndaona anthu akutuluka m'chipatala atanenepa. Achimwene awoloke nyanja idakali yabata.

Mwana wanu,
Sabha


Inishroan, 3 Okutobala 1958

Sabha,

Moni ndakupatsa, kaya ukuyenera kaya ayi. Fanny akuti ndisayambe choncho. Lemba, Fanny, mwana si wako.

Kalata yako ndaimva kawiri. Mawu ndi ambiri, koma ndasakamo pomwe ukunena kuti ndinapita, ndinaima, ndinapempha, sindinapapeze. Wayankha iweyo m'malo mwa munthu. Unalowa liti m'kamwa mwake? Ukuti si Manus Rua. Manus naye akanafunsidwa ndi munthu wa m'tauni akanati ine ndimangogwira nsomba. Onse amatero. Mankhwala sadzitama.

Ukuti amapatsa makoswe. Khoswe ali ndi mayi wake amene akumuchapira kansalu kuseri kwa khola? Fanny waseka, akuti makoswe a ku Glasgow ndi ophunzira, amakhala pamzere kwa dokotala atavala zipewa. Ndamuuza kuti akasekanso ndipita kwa aphunzitsi akandilembere. Akuti, "Pitani, Nabla, mukaone ngati aphunzitsi angapirire pakamwa panupo." Pakamwa panga palibe chomwe palakwa.

Ukuti ena amafabe. Nanga ena aja? Condy akhale mwa enawo.

Anamwino akonza zoti awoloke ndi boti la kumapeto kwa mwezi uno. Ine sindinavomere, sindinakane. Mwambo wake ukuudziwa. Mankhwala akapemphedwa, wodwala sawoloka madzi ndipo salandira za munthu wina mpaka atafika, apo ayi onse awiri amatha mphamvu. Ndiye zili kwa iwe. A dokotalawo akakana ndi pakamwa pawo, ndimuveka ndekha jekete Condy n'kumuperekeza kudoko. Akapanda kukana, adikira pano.

Ndakutumizira masokosi. Kaya ukuvala zotani kumeneko, mapazi ako ngozizira chibadwire.

Mayi ako,
Nabla


Inishroan, 4 Okutobala 1958

Iwe wotsuka mabotolo,

Kapepala aka ndampatsa mwini boti m'manja, amayi sakudziwa. Zilembo zapindika, uwerenge mwachifundo.

Za makoswe akozo ndikudziwa kuti kwa ine n'zachabe, usavutike kundifotokozera. M'phiri muja tinalowamo gulu, ndipo ndikudziwa komwe aliyense wagona. Hughie Early anamutengera kuchipatala chomwecho. Anamubaya, chifuwa chachikulu chinatha, fumbi linamumaliza ali pabedi loyang'ana kukhoma, mkazi wake ali tsidya lino akudikira nyanja. Ine ndikufuna zenera langa lomweli, ndi ndere za amayi, ngakhale zimanunkha ngati nsapato ya msodzi.

Pandekha sindingalimbane ndi anamwino, mpweya wokanganira ndilibe. Amayi ndiye angathe. Kapemphe basi, monga akunenera. Zomwe akakuyankhe usalembe zonse. Sindinakupemphepo kanthu kuyambira muja ndinkakubereka popita kusukulu, ndipo unkalemera ngati thumba la mbatata.

Condy


Glasgow, 15 Okutobala 1958

Amayi,

Moni nonse. Masokosi afika, ndavala.

Ndinapita. Ndinaima pakhomo la chipinda chawo, anandilozera mpando, ndinakana. Ndinatchula dzina la achimwene ndi lanu. Anavula magalasi n'kundimvera mpaka kumapeto. Anafunsa kuti achimwene ankaboola mwala wanji, kwa zaka zingati. Sanandithamangitse. Anati mankhwalawo sanapse. Sindinatulutse kanthu, sindinathokoze.

Lero ndilibe mawu ambiri. Achimwene muwauze kuti mlongo wawo ali nawo.

Sabha


Inishroan, 2 Novembala 1958

Sabha mwana wanga wabwino,

Moni, moni, moni. Ndinkadziwa ine kuti ndinabereka munthu. Fanny atafika poti sanandithamangitse ndinamuuza abwereze, ndipo anabwereza mpaka anati, "Nabla, mawu satuluka ana mukawawerenga kambiri." Zoti sanapse ndiye zinandikhazika mtima pansi. Manus naye ankatero. Mkazi wa mnansi wathu Owenie atatupa bondo anamuuza kuti adikire mwezi ukhale, anadikira, ndipo anavina pa ukwati wa mwana wake.

Tsiku la boti anamwino anabwera ndi amuna awiri ndi bulangete. Ine ndinaima pakhomo. Akuti, "Mayi Nabla, tapatukani, madzi akuphwa." Ndinati, "Mankhwala apemphedwa kale." Akuti, "Kwa yani?" Ndinati, "Kwa a dokotala aakulu kuposa anuwo." Anapempha kalata, ndinawapatsa, anawerenga n'kufiira mpaka m'makutu. Akuti, "Apa sanalembe kuti atumiza." Ndinati, "Nanga alemba kuti akana?" Anasuzumira m'nyumba pamwamba pa phewa langa n'kufuula, "Condy Gallagher, ukadali woyamwa kodi? Talankhula wekha!" Mlongo wako ali pampando wake akuti, "Ine ndimamvera amayi, anamwino, ndinaleredwa bwino." Amuna aja anaseka, anamwino sanaseke. Anapinda bulangete lawo n'kunena kuti, "Nyanja ikatseka musadzanditume kukaitsegula." Ansembe nawo anabwera mawa lake kudzandidzudzula. Ndinawapatsa tiyi ndi buledi wotentha, anadya, ananena zawozo, anapita.

Chichokere botilo Condy wapepukidwa. Wadya dzira, wadya nsomba theka, dzulo wakhala pazenera akusoka ukonde wa Owenie. Ukuona? Mankhwala amayamba kugwira akadali panjira.

Tsono uwafunse a dokotala, koma mosakakamiza, ngati amamwa asanadye kapena atadya, ndiponso ngati mkaka suletsa. Botololo ulikulunge mu ubweya wambiri. Mwini boti amaponya matumba padoko ngati akuponya nkhumba zakufa. Ine boti likamaoneka ndimapita ndekha kudoko, kaya bondo langali likupweteka kaya ayi.

Mulungu akudalitse, adalitsenso manja a munthu ameneyo. Kudalitsa si kuthokoza, Fanny, lemba.

Mayi ako,
Nabla


Glasgow, 24 Novembala 1958

Amayi, ndi inu achimwene, poti ndikudziwa kuti a Fanny akuwerenga mokweza,

Chilandirireni kalata yanu ndayamba kulemba kangapo n'kung'amba. Lero ndilemba zonse.

A dokotala atati sanapse, ndinafunsa kuti apsa liti. Anati mwina zaka zambiri, mwina sadzapsa n'komwe, ndipo ngakhale atapsa angadzachepetse kutupa kokha, mwala sadzausungunula. Anati, "Mlongo wakoyo akanakhala mwana wanga, bwenzi ali kuchipatala kalekale." Anakana, Amayi. Anakana mwaulemu, koma ndi pakamwa pawo. Botolo kulibe ndipo silikubwera.

Achimwene, kwiyani. Hughie Early anakhalabe ndi moyo chaka ndi miyezi atabayidwa, ndipo ine chaka chimenecho ndikuchifuna. Ntchito ndisiya, ndidzakhala pambali pa bedi lanu, ndipo ndidzalikoka ndekha liyang'ane kuzenera, andithamangitse akafuna.

Amayi, munalonjeza za jekete. Avekeni. Boti loyamba lomwe lioneke, akwere.

Sabha


Inishroan, 7 Disembala 1958

Sabha,

Moni. Kaya uli moyo, kaya wadwala, sitikumva kanthu. Nyanja yatseka. Boti silinaoneke kuyambira mwezi watha, ndipo kalata inoyi ikhala m'kabati mwa Fanny mpaka mphepo italeka. Ndikulankhulabe, chifukwa ndikapanda kulankhula ndi iwe ndilankhula ndi yani?

Condy sakutha kugona chagada. Amakhala pampando, manja pa tebulo, mutu pa manja. Milomo yake yasanduka mtundu wa chigoba cha nkhono. Ndere wazikana, akuti pomeza mpweya umamuthawa. Ndimawiritsa madzi ndi masamba n'kumuikira pafupi kuti apume nthunzi, iye amati, "Amayi, mukundiphika kodi? Muthire mchere." Akatero amatsokomola mpaka ine ndimatuluka panja, chifukwa manja anga alibe chochita.

Anamwino akubwera tsiku ndi tsiku. Sanandinene ngakhale kamodzi. Bola akanandinena.

Pali chinthu chikundidya. Dzana anamwino anatulutsa kabotolo m'chikwama mwawo, akuti kamuthandiza kupumula. Ine ndinati ayi, za munthu wina salandira. Condy anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, akuti, "Amayi, kameneko si mankhwala, n'kongogonetsa." Maso amenewo sindinawaonepo chibadwire chake. Ndinapita kukakama ng'ombe nthawi isanakwane, pobwera ndinapeza wagona. Tsono sindikudziwa ngati ndawononga. Ngati ndawononga, uwauze a dokotala kuti anavomera ndine, mwana sanalakwe, mwina ali ndi njira yokonzera.

Shuga watha pachilumba, palafini watsala wa kutchalitchi kokha. Ine ndimakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba kukaona nyanja, yoyera yokhayokha mpaka kutsidya. Ndimadziwa kuti botololo lili uko, m'thumba, m'nyumba ya makalata ya padoko, ndipo tsiku lowala ndimaliona denga lake. Kodi kuzizira sikuliwononga? Unakulunga monga ndinanenera?

Ukaona pofufutika ndi Fanny, akudonthezera misozi pa pepala. Ndamuuza kuti kulira kumaitana zinthu. Akuti ndi utsi.

Mayi ako,
Nabla


Inishroan, 4 Januwale 1959

Sabha mwana wanga,

Moni. Uthenga wa lamya anamwino akuti unaulandira, ndiye chachikulu ukuchidziwa. Ndikuuze momwe zinayendera, usamve kwa anthu.

Mphepo inapumako Khirisimasi ili pafupi, boti n'kubwera. Ndinaima padoko akumasula matumba, ndinatsegulitsa onse, mpaka la ufa. Mwini boti akuti, "Mayi, phukusi lanu palibe, pali kalata yokha." Fanny anatiwerengera kunyumba. Imeneyo sindinamuuze kuti abwereze. Condy anangoti, "Wandigulitsa wotsuka mabotolo uja," akumwetulira. Ine sindinamufunse kanthu. Ndinatenga jekete ndinamuveka. M'jeketemo munatsala malo a munthu wina.

Amuna anazula chitseko cha khola n'kumunyamulirapo mpaka kudoko, ine pambuyo ndi ndodo. Boti linali kukwera n'kutsika ngati likupuma. Anamwino anagwada pamiyala, anamvetsera pachifuwa pake, anayang'ana nyanja, anamvetseranso. Anati, "Safika pakati. Bwezani." Amuna anatembenuka ndi chitseko chawo, ndipo pokwera chitunda ndinamumva akuwauza kuti, "Anyamata, mwandiyendetsa ngati bishopu lero. Owenie, mbali yako ikutsika."

Condy anatisiya tsiku lotsatira Khirisimasi, masana, ali pampando wake. Ansembe analipo. Tamuika pambali pa atate ako. Usabwere pano, nyanja sinakhazikike, udzabwere masika.

Ukuti akwiye. Sanakwiye. Ine ndiye ndayesa. Ndayesa kukwiyira iwe, ndayesa iye, ndayesa a dokotala, ndayesa ine mwini. Paliponse ndikauika mkwiyowo sukukhazikika, ndiye ndimangoyenda nawo kukhola n'kubwera nawo.

Tsono pali nkhani. Donal wa Peggy Rodgers wabwera ndi boti lomwe lija kuchokera kumapiri komweko, ndipo akutsokomola chifuwa chomwe ndikuchidziwa. Anamwino amuuza kale kuti awoloke nyanja ikangogona. Peggy ali muno panopa, wakhala pafupi ndi moto, shawelo sanavule. Akufuna dzina la a dokotala ako ndi komwe amakhala. Ndamuuza kuti, "Peggy, kulibe botolo, ndi za makoswe, mwana awoloke." Akuti, "Wako uja anakhalitsa m'tauni, Nabla, sanapemphe bwino. Mwina anagwedeza mutu pochoka, kumeneko n'kuthokoza komwe." Ndati, "Anapempha bwino, munthu anakana." Akuti, "Sakana. Munanena nokha padoko anthu onse akumva." Akuti mphwake wa ku Glasgow akapempha, ndipo Donal sasuntha mpaka yankho litabwera.

Fanny wamulankhula, ansembe amulankhula. Ine ndatsegula pakamwa kangapo, zomwe zikutuluka sizikumufika, akungondiyang'ana mwachisoni ngati wasokonezeka ndine. Ulembere iyeyo, Sabha, pa dzina lake, mawu ochepa, osasiyako kanthu. Mwina dzanja la ku Glasgow alimvera. Ulembe lero lomwe ulandire inoyi. Kunja kwachita bata chiyambire m'mawa, ndipo asodzi akuti silikhalitsa.

Mayi ako,
Nabla